Ndege ya Lameki Inakana Kutera

Sendezani mipando kufupi ndi mbaula, ndipo inu mwagwira foni uko muiike kaye m'thumba, chifukwa nkhani iyi sigwirizana ndi timagalasi towala. Ndikuuzani za ndege ya Lameki. Musandifunse kuti zinatheka bwanji. Ine ndinalipo, ndinaona ndi maso angawa, koma mutu wake sindinaupeze mpaka lero.

Dzina langa ndi Esinala, ndimasoka zovala pa Mponela. Nthawi imeneyo shopu yanga inali khoma limodzi ndi kachipinda ka magemu ka amuna anga a Kefasi ndi mnzawo Lameki. Awiriwa anali a ponda apa nane ndipondepo kuyambira ali kupulaimale. Lameki atapita ku Joni, anzake akubwerako ndi mabulangete ndi mafiriji, iye anabwera ndi wailesi yakanema yotambalala ngati chitseko, kabokosi ka magemu, ndi mapadi awiri, tija togwira m'manja tokhala ndi mabatani. Ana asukulu ankadzaza mmenemo madzulo kusewera mpira wapakanema. Koma masana ana ali m'kalasi, madoda awiriwa, ndevu zili pepeya, ankaika gemu yapamtima pawo, ya nkhondo ya ndege.

Kanemayo ankagawika pakati. Kumtunda kunkaoneka ndege ya a Kefasi, kumunsi ya Lameki. Sankamenyana okhaokha ayi, anali gulu limodzi, ndipo adani ankatuluka m'mitambo ngati dzombe. Ine ndili pamakina ndinkangomva kukuwa kudutsa khoma.

"Ali kumsana kwako, achimwene! Khota!"

"Ndamuona! Tsika, tsika, ndimuthire moto!"

Ndinkawaseka kuti akanakhala kuti amalima ndi mphamvu zomwezo bwenzi tili ndi nkhokwe ziwiri. Iwo sankamva n'komwe. Anali ndi lamulo lawo, ndipo ankalisunga kuposa a m'Baibulo: nkhondo ikatha, ndege yovulala imatera poyamba, inzake imazungulira m'mwamba kuilondera, kenako nayonso n'kutera pambali pake. Palibe ankatera yekha.

Lachisanu lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndege ya Lameki inawomberedwa phiko n'kuyamba kufuka utsi wakuda. Anali atatembenuka kale kulunjika kubwalo lotera pamene foni ya Lameki inalira. Simenti ya nyumba imene ankamangira mayi ake inali itafika pa Madisi. Anadina batani loimitsa gemu, ndege zonse ziwiri n'kungoti njoo m'mlengalenga, iye n'kutola chipewa chake cha njinga yamoto. Ndinamumva ndi makutu angawa ali pakhomo.

"Musazimitse, achimwene. Ndikubwera ndidzatere."

Sanafike n'komwe ku Madisi. Anakumana ndi lole pakona, anthu anathamangira naye kuchipatala ku Lilongwe, ndipo dzuwa lisanalowe uthenga unali utatipeza.

Mukudziwa mwambo wathu munthu akafera kutali. Potenga thupi, wina amakhala pambali pa bokosi n'kumamuuza malemuyo njira: tanyamuka, tikuwoloka mtsinje wakuti, takhota apa, tafika pakhomo. Amalume ake a Lameki anali ndi vuto la miyendo, choncho anakhala kutsogolo ndi dalaivala, ntchitoyi n'kuisiya m'manja mwa a Kefasi amene anakwera kumbuyo. Ine ndinali nditatsogola kale kumudzi kwa Kamphinda kukathandiza kuphika. Galimoto itafika ndinaona amuna anga akutsika maso ali psuu, ndipo sindinafunse kanthu. Ukafunsa chiyani munthu amene wataya mnzake wotero?

Maliro atatha tinabwerera pa Mponela. A Kefasi atatsegula loko wa kachipinda kaja, anaima pakhomo osalowa. Ndinasuzumira paphewa pawo. Kanema anali chiyakire. Ndege ziwiri zija zinali pomwe zinasiyidwa, utsi uli chilili ngati wojambula.

"Kodi magetsi sanazimeko masiku onsewa?" ndinafunsa.

"Mwina mbali ino sanazime."

"Mbali iti? Waya wanga ndi wanu ndi mmodzi. Anthu a butchala akudandaula kuti nyama yawo inawola."

Anakhala pabenchi, n'kunena motsitsa kuti angomalizitsa basi, ndege ya mnzawoyo igwe yokha, azimitse. Padi ya Lameki inali pamalo pomwe mwiniwake anaisiya, kumapeto kwa benchi. A Kefasi anadina batani, phokoso la injini linadzaza chipinda, ndipo tonse tinayang'ana kumunsi kwa kanema kudikira kuti ndege yopanda woyendetsa izyolike.

Sinazyolike. Inaweyula mapiko pang'ono, n'kukhota bwinobwino kutsatira ya a Kefasi. Padi ija pabenchi inayamba kunjenjemera yokha, thabwa likulira ngati muli nyerere.

"Makinawa amatero nthawi zina," anatero a Kefasi, koma mawu awo anali atauma. "Amathandiza okha."

"Ndiye teretsani, tizipita."

Bwalo lotera linaoneka kutsogolo, kamsewu kotuwa pakati pa mapiri. Ndege yofuka utsi inatsika pang'ono, inafika pamwamba pa kamtsinje kena, n'kubwerera mwadzidzidzi ngati mbuzi yokana kuwoloka ngalande. A Kefasi anaitsatira, anaizungulira, anaitsogoleranso. Inafikanso pamtsinje, inabwereranso. Adani anatulukanso m'mitambo, nkhondo inayambiranso. Tsiku limenelo chakudya chawo chinazizira pakhonde mpaka agalu anachipeza.

Kuyambira pamenepo pakhomo pathu panalowa chinthu chimene sindinkadziwa dzina lake. A Kefasi analetsa ana asukulu kulowa. M'mawa kukacha ankathamangira kukachipindako, ndipo madzulo ndinkachita kuwakoka. Ndinkawamvanso akukuwa kudutsa khoma monga kale, "Khota! Ali kumsana kwako!" Chondidabwitsa n'chakuti akakuwa ankakhala chete kaye, ngati munthu amene akumvetsera yankho, kenako n'kuseka pang'ono.

Zinanso zinayamba kunja. Ndinali ndi nkhuku ya anapiye kuseri kwa shopu. Tsiku lina masana ndikusoka diresi la ukwati, ndinamva thadzi lija likulira monga limachitira likaona kabawi, anapiye onse n'kuthawira pansi pa mapiko. Ndinatuluka ndi mwala m'manja. Kumwamba kunali mbee, kopanda mtambo, kopanda mbalame. Koma pansi, pafumbi, panadutsa chithunzithunzi. Sindinganene kuti chinali ndi mapiko, sindinganenenso kuti chinalibe. Chinadutsa pabwalo, chinakwera khoma la chigayo, n'kuzimirira. Pambuyo pake mumphepo munatsala kafungo ka parafini wopserera. Mayi wogulitsa mandasi pafupi nane ananunkhiza, n'kundifunsa ngati ndapsereza nsalu ndi simbi. Simbi yanga inali yozizira.

Ndinaganiza kuti vuto ndi padi ija. Tsiku lina a Kefasi atapita kuseri ndinaitola. Inali yofunda ngati yangotuluka m'manja mwa munthu. Ndinaiponya m'thumba langa la zigamba n'kumanga kukamwa. Sindinasoke n'komwe mzere umodzi, ndinamva thabwa la benchi likuliranso kuseri kwa khoma. Nditamasula thumba munali zigamba zokhazokha. Mawa lake ndinaikhomera m'dirowa ya makina, kiyi n'kumanga pansonga ya chitenje. Madzulo titafika kunyumba, imene ili kutali ndithu ndi msika, tinaipeza ili papilo ya a Kefasi. Iwo sanadabwe. Anangoitola mwaulemu, n'kunena kuti, "Usamamubise, Esinala. Akusochera kale."

Mutu wanga unaima. Ndinafuna kukalipa, koma ukalipira ndani? Kapulasitiki?

Anthu apamsika, monga mukuwadziwira, sanachedwe. Ena ankati amuna anga akhwima, anapereka mnzawo kuti bizinesi iyende, ngakhale aliyense ankaona kuti bizinesiyo yafa. Ena ankati mmenemo muli bwalo la ndege zoyenda usiku zija. Ine ndinkangoweramira pamakina. Chimene chinandilasa kwambiri si miseche ayi, koma nkhani imene anabwera nayo kasitomala wanga wina, mayi wogulitsa tomato amene amapita ku Lilongwe kawirikawiri. Ndikumuyeza m'chiuno anayamba kufotokoza, akuseka.

"Anzanga, kuli misala chaka chino. Pa mlatho wa Lumbadzi pali mwamuna wovala chipewa cha njinga yamoto, galasi lotseka kumaso, dzuwa lonseli. Njinga alibe. Amafunsa aliyense kuti kwa Kamphinda n'kuti. Timamulozera kuti woloka, uzipita kumpoto. Amathokoza bwinobwino, amayamba kuyenda, koma ukacheuka umamuona ali pomwe paja."

Tepi inandipulumuka m'manja. Ndinamufunsa kuti nkhope yake ndi yotani.

"Ndani waiona? Mlamu wanga akuti anamuona pa Lingadzi tsiku lomwelo, nthawi yomweyo. Wakabaza wina akuti ali pa Kasangadzi. Kaya ndi anthu angati, kaya ndi mmodzi. Koma onse akuti sawoloka."

Kwa Kamphinda si mudzi woti munthu wachilendo angaufunse. Siketi ya mayiyo ndinaidula molakwika.

Masana omwewo ndinalowa m'kachipinda kaja nditatsimikiza mtima. A Kefasi anali ataonda moti lamba ankachita kubowola mabowo atsopano ndi msomali. Kunja kunali kotentha koti n'kuwotcha chimanga pamwala, koma iwo anali atavala juzi ziwiri. Ndinapita kukhoma n'kuzula pulagi. Ndinaima nayo m'manja, waya ukulendewera. Kanema sanaphethire n'komwe. Amene anasintha ndi amuna anga: anabuula ngati abayidwa pachifuwa, anapindika, milomo ikuchita yotuwa. Ndinabwezera pulagi ija msangamsanga, ndipo anayambanso kupuma. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka.

"Taona apa," anatero atapezako mphamvu. Analoza kamzere kena pakona ya kanema. "Awa ndi mafuta anga. Tsiku lija kanali kobiriwira, kodzaza."

Kamzereko kanali kofiira, katatsala kachidutswa ngati chikhadabo.

"Nanga a Lameki?"

"Ake anatha kalekale. Sindikudziwa chimene akuulukira."

"Ndiye anuwa akatha?"

"Ndigwa."

"Mukagwa mudzayambiranso. Si mmene mumachitira masiku onse?"

Anandiyang'ana, ndipo aka kanali koyamba kundiyang'ana m'maso chichitikireni maliro. "Iyi siyambiranso, Esinala. Ndikuimva m'mafupa."

Ndinachita mantha, ndikuuzeni zoona. Ndinaona kuti ndikhala wamasiye chifukwa cha chidole cha ana, ndipo sindinkadziwa kuti ndikalire pakhomo pa ndani. Kuchipatala ndikanena kuti chiyani? Kuti mwamuna wanga akutha mafuta? M'mawa mwake ndinakwera kabaza wa kwa Kamphinda, kwa mayi ake a Lameki.

A Nankhoma si mayi wa nthano kapena wa mankhwala ayi. Ndi mlimi wa fodya, wamanja okhakhala, wosachedwa kupsa mtima. Ndinawapeza akuthira madzi njerwa za nyumba yosatha ija. Ndinafotokoza zonse mosokonekera, za padi, za nkhuku, za mafuta. Anandimvetsera atakwinya nkhope.

"Za ndege zakozo sindikuzimva, mwana wanga," anatero. "Ine ngakhale foni amandiyimbira ndi ana. Koma pali chimene chikundisowetsa tulo. Galu wa Lameki sanapiteko kumanda ngakhale kamodzi. Amakagona kumsewu, kuyang'ana kumene kumachokera magalimoto. Ndipo ine mayi wake sindinamulotepo. Bambo ake atamwalira anandivutitsa kutulo mwezi wathunthu. Uyu zii." Anatula chitini pansi. "Kodi amuna akowo anamuuza njira mwana wanga?"

Funso limenelo linali lisanandifikepo m'mutu.

Tinafika pa Mponela dzuwa lili paliwombo. Magetsi anali atazima tauni yonse, chigayo chili chete, owotcherera zitsulo atagona pansi pa mtengo. Koma tisanafike pakhomo tinamva kulira kwa injini. A Nankhoma anaima kaye, anamanga chitenje mwamphamvu, n'kulowa. A Kefasi atawaona anafuna kudzuka koma miyendo inakana.

"Khala pomwepo," anatero mayiwo. Anayang'anitsitsa kanema nthawi yaitali, mutu uli chopendekera. "Mwana wanga ndi uti pamenepa?"

"Uyo wam'munsiyo, mayi. Wofuka utsiyo."

"Mmm. Ngakhale njinga yake inkafuka chonchi." Anakhala pabenchi. "Kefasi, pobwera ndi thupi, unamuuza njira?"

Amuna anga anaweramitsa mutu. Misozi inagwera papadi.

"Ndinatsegula pakamwa pa Lingadzi, mayi. Koma m'galimoto munali a kwaya, ndi anyamata a ku Joni aja akujambula ndi mafoni. Ndinachita manyazi kuti azindionetsa ndikulankhula ndi bokosi. Ndinati ndiyambira pa Lumbadzi. Pa Lumbadzi ndinati ndiyambira pa Mponela. Kenako ndinangoona tafika."

Ndinadikira kuti a Nankhoma awatukwane, ndipo kunena zoona ine ndikanawathandiza. Munthu wosachita manyazi kukuwira ndege zapagalasi msika wonse ukumva, n'kukachita manyazi kuuza mnzake njira ya kwawo! Koma mayiwo anangopuma mozama. Anatola padi ya Lameki, anaiika pamiyendo, n'kuifunditsa ndi nsonga ya chitenje. Inkanjenjemera mmenemo ngati kamwanapiye konyowa.

"Muuze tsopano."

"Mayi, dziko limeneli si lathu. Taonani mapiri oyera awo. Mitsinje iyi sindiidziwa mayina."

"Mtsinje ndi mtsinje. Tchula yakwathu."

A Kefasi anapukuta m'maso ndi mkono wa juzi. Anatembenuza ndege yawo n'kudutsa kutsogolo kwa inzake. Mawu anatuluka osasa.

"Lameki, achimwene. Ndine Kefasi. Tanyamuka ku Lilongwe, tikupita kwanu." Pansi panaoneka kamzere ka madzi. "Uwu ndi Lingadzi. Tikuwoloka."

Ndege yofuka utsi inafika pamwamba pa madziwo n'kugwedezeka. Inapendekera kumanzere monga inkachitira masiku onse ikafuna kubwerera. Ine ndinagwira chitseko. Kenako inawongoka, n'kuwoloka.

Nthawi yomweyo mitambo inang'ambika. Adani anatuluka ochuluka kuposa amene ndinawaonapo, ena kumtunda, ena kumbali, timizere tamoto tikudutsana pakanema ponse. A Kefasi anakwera, anazungulira chagada, anagwetsa mmodzi, anagwetsa wina, zala zikuthamanga pamabatani pamene thupi lonse linali lofooka. Pakamwa sanasiye.

"Tadutsa Kanengo. Usatsalire. Uwu ndi Lumbadzi, achimwene, tikuwoloka!"

Tinawolokanso. Ndikuti tinawoloka chifukwa panthawiyo ngakhale ine sindinkadziwa ngati ndili pa Mponela kapena m'mwamba. Pansi pa mapazi anga panali pakupendekeka, ndipo fungo la parafini linali litadzaza chipinda.

Kenako ndege ina yakuda inakakamira kumsana kwa a Kefasi. Anakhotera uku, inakhotera komweko. Anadina batani lowombera, koma linangolira kuti thethethe, zipolopolo zitatha. Ndinakuwa mosadziwa, ine amene ndinkawaseka, "Ali kumsana kwanu!" Pamenepo padi ija inadumpha pamiyendo ya a Nankhoma. Kumunsi kwa kanema, ndege yofuka utsi inatembenuka, inakwera molunjika ndi phiko lake lothyokalo, n'kulavula moto. Yakuda ija inaphulika, zidutswa zikugwa ngati makala.

"Ee, ndi yemweyo," anatero a Nankhoma. "Ndewu za anzake ankazigula chonchi kuyambira ali mwana."

Kumwamba kunayera. A Kefasi anapitiriza, mawu akucheperachepera.

"Tafika pa Mponela, sitiima. Uwu ndi Kasangadzi, tikuwoloka. Tasiya phula, takhota pamkuyu paja. Samala, msewu ndi wokumbika. Tadutsa padambo. Mjigo uwo. Nyumba ya mayi iyo, ija unkamanga ija. Wafika, Lameki. Mayi ali pompano. Tera."

Kamsewu kotuwa kaja kanaonekanso pakati pa mapiri. Ndege yofuka utsi inatsika pang'onopang'ono, matayala anatuluka, anagunda pansi, kafumbi kanabuka. Inathamanga pang'ono n'kuima. Utsi unaleka. Pansi pa chitenje cha a Nankhoma panali bata.

Ine ndinayamba kupuma, ndikuganiza kuti zatha. Koma nditayang'ana kumtunda kwa kanema ndinaona ndege ya a Kefasi nayonso yatulutsa matayala. Inali ikutsika kulunjika pambali pa inzake. Kamzere ka mafuta kankaphethira. Mutu wa amuna anga unali ukugwera pachifuwa, ndipo nditawagwira pakhosi anali ozizira ngati mtsuko wa m'mawa.

"Iwe Kefasi!" anakalipa a Nankhoma. "Woperekeza maliro sagona kumanda. Bwerera!"

"Lamulo lathu, mayi," ananong'ona. "Timatera tonse."

Mayiwo anatembenukira kwa ine, maso ali gwa. "Wanga ndamulandira. Uyu ndi wako. Sindingakuitanire ine."

Sindinkadziwa batani ngakhale limodzi pachinthu chimenecho. Ndinagwada pafumbi, ndinagwira nkhope yawo ndi manja awiri, ndipo ulemu wonse wa "inu" ndinausiya pomwepo.

"Kefasi, ndine Esinala. Mnzako wafika, ntchito yako yatha. Tikutuluka kumanda tsopano, usacheuke. Wamva? Usacheuke. Tadutsa pamjigo. Tadutsa padambo. Mkuyu uwo, phula ilo, takhotera kumanzere." Sindinayang'ane kanema, koma ndinamva injini ikusintha kaliridwe. "Uwu ndi Kasangadzi, Kefasi. Tikuwoloka. Woloka, iwe! Ukandisiyira ndani ine? Woloka!"

Chala chawo chachikulu chinasuntha. Ndinachimva chikukhudza mkono wanga.

"Tafika pa Mponela. Tadutsa pabutchala, tadutsa pachigayo. Shopu yanga iyo, ya chitseko chobiriwira, chija unalonjeza kukonza chaka chatha osakonza. Nkhuku zanga izo. Walowa. Wakhala pabenchi. Wafika, Kefasi."

A Nankhoma amati anaona ndegeyo ikudzutsa mphuno matayala atatsala pang'ono kukhudza pansi. Ine sindinaone. Chimene ndinamva ndi kachetechete. Nditacheuka, kanema anali bii, wozima ngati mawailesi ena onse a pa Mponela tsiku limenelo, ndipo pagalasi pankangooneka ife atatu. Kaya ndegeyo inakatera kuti, kaya ikadali m'mwamba, musandifunse.

A Kefasi anakhala duu nthawi yaitali moti ndinayamba kuwagwedeza. Kenako thukuta linatuluka pamphumi pawo, linatsika m'masaya, linanyowetsa juzi zonse ziwiri. Anatsegula maso n'kuyang'ana uku ndi uku ngati munthu wotsika basi pamalo olakwika.

"Kodi kwatentha chonchi kuyambira liti?" anafunsa.

Ndinalira, ndinaseka, ndinawamenya paphewa, zonse nthawi imodzi. A Nankhoma anandituma madzi m'beseni. Anatitulutsa panja, n'kutisambitsa m'manja tonse awiri pakhomo, monga timachitira pochokera kumanda. Thadzi lija linali likupalasa pabwalo ndi anapiye ake poyera. Mayi wa tomato uja atabweranso kudzandikalipira za siketi yake, anandiuza yekha ndisanamufunse kuti wamisala wa pamlatho uja anasowa.

Koma ndisadumphe. Tisanabalalike tsiku limenelo, a Nankhoma analowanso m'kachipinda n'kutuluka ndi padi ya Lameki. A Kefasi anatambasula dzanja, kenako analibweza okha. Mayiwo anaikulunga bwinobwino m'chitenje, n'kuimangirira pachifuwa. Ndinawauza kuti ndiwaitanire kabaza, dzuwa linali likadali lowawa ndipo kwa Kamphinda si pafupi.

"Ayi," anatero. "Wakabaza amathamanga. Za pagalasi zija ine sindinazimvetse, mwana wanga. Ndikufuna ndimufikitse ndekha, ndi miyendo yangayi."

Tinaima pakhonde kuwayang'ana akutsika masitepe. Anaweramitsa mutu pang'ono ku kamtolo kaja, ndipo ndinawamva akulankhula ndi mawu amene mayi amalankhulira mwana amene wangophunzira kuyenda.

"Tikutuluka pakhomo pa anzako, Lameki. Apa pali ngalande, tikudumpha. Usaope, ndakugwira."